Anabwera ndi Chiyani Pakhomo Pano?

Ine ndine nkhoswe ya mlongo wanga. Unkhoswewu ndinaulandira amalume athu atayamba kufooka, ndipo kwa zaka zambiri sunali wolemetsa. Awiriwo akayambana ndinkapita, kuwakhazika pansi, kumva uku ndi uku, kuwakumbutsa za ana, basi n'kubwerera ku Ulongue, kuno ku Mozambique, komwe ndimakhala. Amalume anandiphunzitsa kumanga banja. Za kumasula banja, makamaka za kugawa katundu, sanandiuzepo kanthu, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso sanauzidwe.

Chaka chatha banja la mlongo wanga linatha. Tsiku logawa katundu panafunsidwa funso limodzi lomwe mpaka lero limandiwawa mumtima. Ndalemba chifukwa funso lomweli ndalimvanso kwa ena a kuno ku Angónia, a ku Tsangano ndi a ku Macanga, ndipo amayi ambiri akafunsidwa amangozolika.

## Pamphasa

Mlongo wangayu anakwatiwa m'mudzi mwathu, kufupi ndi phiri la Domue. Unali ukwati wa ankhoswe basi. Kutchalitchi sanapite, ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi ana obadwa, sanalembetse, monga achitira anthu ambiri kwathu kuno. Atabereka mwana woyamba alamu anapempha chitengwa, ife tinavomera, ananyamuka kupita kwawo kwa mwamuna cha ku Tsangano. Anafikira m'kanyumba ka udzu. Pofika zaka 16 za banja lawo, pakhomopo panali nyumba ya njerwa zootcha ya malata, njinga yamoto, ng'ombe ndi ngolo, komanso chigayo cha dizilo pamphambano. Zonsezi zinachokera m'mbatatesi, soya ndi fodya.

Kenako alamu anapeza mkazi wina, nauza mlongo wanga kuti abwerere kwawo. Za m'nyumba mwawo sindilowamo, ndi zawo.

Tinakhala pamphasa pafupi ndi nkhokwe. Nkhoswe ya kuchimuna ndi bambo wachikulire, waulemu, munthu yemwe ndadya naye nsima kambirimbiri. Anatuma anyamata kutulutsa katundu. Anabweretsa mapoto, mbale, ndowa ziwiri, mtondo ndi munsi, chikwama cha zovala, ndi matumba atatu a chimanga.

"Ankhoswe anzanga," anatero, "katundu wa mlongo wanu ndi ameneyu. Chimangachi taonjezapo kuti ana akakhale ndi poyambira."

Ndinafunsa za nyumba, za ng'ombe, za chigayo. Bamboyo sanakwiye. Anandiyang'ana mwachifundo, n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi mayiwa anabwera ndi chiyani pakhomo pano?"

Panali zii. Pabwalo lotere mkazi amalankhula kudzera mwa nkhoswe yake, aliyense amadziwa. Koma mlongo wanga ananyamuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kope lakale la ana asukulu, lakuda ndi utsi. Anagwada, kuomba m'manja.

"Makolo anga, pepani, mundilole ndilankhule ndekha."

Linali kope lake la kugulu la poupança, lomwe anzathu a ku Malawi amati banki m'khonde. Anatsegula n'kuyamba kuwerenga. Chaka chomwe anagula injini ya chigayo ndalama za fodya zinaperewera, iye anakatenga ngongole kugulu, n'kubweza yekha ndi mandasi ndi matimati a kudimba. Mwezi ndi mwezi zinalembedwa, ndipo mlembi wa gulu ankakhala m'mudzi momwemo. Atatha anatseka kope lija.

"Njerwa za nyumbayi anaumba ndi abambo ndi aganyu, n'zoona. Madzi ake ndinatunga ndine, ndili ndi pakati pa mwana wachitatu. Aganyuwo nsima ankadya yophika ndani? Mbatatesi zija tinkakweza m'malole a ku Tete, wosankha ndi kusoka matumba usiku anali ndani?"

Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu sanakweze.

"Ndinabwera chimanjamanja, sindikukana. Nanga inu bambo, ndinakupezani ndi chiyani?"

Palibe anayankha. Alamu ankangotokosa pansi ndi kamtengo. Ine ndinapempha kuti katundu yense abwerere m'nyumba, chifukwa kwathu ukanyamula mapoto aja ndiye kuti wavomera chigamulo. Tinabalalika nkhani isanathe.

## Mafunso atatu

Sabata yotsatira ndinapita ndi mlongo wanga ku IPAJ, bungwe la boma lomwe limathandiza pa milandu anthu oti sangathe kulipira loya. Mayi yemwe anatilandira ankalankhula chinenero chathu. Asanamve zambiri anafunsa mafunso atatu. Kodi mmodzi wa awiriwa ali ndi ukwati wina wolembetsa? Akhala limodzi zaka zingati? Ana analembetsedwa m'dzina la ndani?

Apa m'pamene ndinamvera bwino za Lei da Família, lamulo la mabanja la dziko lathu. Linakhazikitsidwa mu 2004 ndipo linakonzedwanso mu 2019. Limavomereza maukwati atatu: wa ku boma, wa kuchipembedzo ndi wa mwambo. Koma wa kuchipembedzo ndi wa mwambo amafunika kukalembetsedwa ku Registo Civil kuti akhale ndi mphamvu zofanana ndi wa ku boma. Wa mlongo wanga sunalembetsedwe. Mtima wanga unagwa pomwepo.

Mayi uja anati tidikire, nkhani sinathere pamenepo. Lamulo lomweli limazindikiranso mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi omwe akhala limodzi ngati banja popanda pepala, bola onse awiri akhale oti panalibe chowaletsa kukwatirana. Limatcha zimenezi união de facto. Lamulo la 2004 linkafuna kuti akhale atapitirira chaka chimodzi, la 2019 linakweza kufika pa zaka zoposa zitatu mosadukiza. Zikatero, katundu wawo amaonedwa mofanana ndi wa anthu okwatirana omwe sanachite pangano lina lapadera: chilichonse chopezeka ndi ntchito kapena chogulidwa pa nthawi yomwe ali limodzi n'cha onse awiri, ndipo posiyana amagawana pakati. Chomwe munthu anali nacho kale, kapena chomwe analandira ngati cholowa kapena mphatso, chimakhalabe chake.

Choncho ng'ombe ziwiri zomwe alamu anasiyiridwa ndi malemu bambo awo n'zawo, palibe wotsutsa. Koma chigayo, njinga yamoto, ngolo, malata, chimanga cha m'nkhokwe, zonsezo n'za awiri. Lisiti likhoza kukhala m'dzina la mwamuna, kontalakiti ya fodya m'dzina la mwamuna, ndalama pa M-Pesa ya mwamuna. Lamulo silifunsa kuti mkazi anabwera ndi chiyani. Limafunsa kuti chinthucho chinapezeka liti ndiponso motani. Ngakhale kope lija likanasowa, gawo la mlongo wanga likanakhalapo ndithu.

Kusiyana kwa wolembetsa ndi wosalembetsa kuli pa umboni. Wolembetsa amangotulutsa chikalata. Wosalembetsa ayenera kuonetsa kuti anakhaladi pabanja zaka zonsezo, ndipo mboni zake ndi mfumu, oyandikana nawo, zikalata za kubadwa kwa ana, ndi ife ankhoswe. Ndinatuluka muofesi muja nditazindikira kuti pakamwa panga ndi pomwe pali chikalata cha ukwati wa mlongo wanga. Ndikamwalira, kapena ndikaopa kulankhula, zaka 16 zija zikhoza kukanidwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Pali china choti omwe analembetsa achidziwe. Ukwati wolembetsa suthera pamphasa. Ankhoswe angagwirizane, katundu angagawidwe, mkazi angabwerere kwawo, koma pamaso pa boma awiriwo akadali pabanja mpaka chisudzulo chitachitika mwalamulo, mogwirizana kapena kudzera kukhoti. Ndikudziwa anthu omwe anasiyana kalekale, aliyense ali ndi banja lina ndi ana, pepala loyamba likadali lamoyo. Vuto limadzaonekera pamaliro. Lamulo la chuma cha masiye la 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamzere woyamba wa olandira, limodzi ndi ana, ndipo limawerengeranso wa união de facto. Koma ngati pepala lakale silinathetsedwe, yemwe wakhala akusamala wodwala mpaka tsiku lomaliza akhoza kupezeka kuti lamulo silikumudziwa.

## Mwambo sunalakwe pachiyambi

Sindikufuna wina awerenge izi n'kuganiza kuti nkhoswe ya kuchimuna ija ndi munthu woipa. Ananena zomwe anaphunzitsidwa. Ndakhala ndikusinkhasinkha komwe funso lake linachokera, ndipo ndikuona kuti linachokera ku chikamwini.

Kale mwamuna ndiye ankapita kwa mkazi. Ankamanga nyumba pamalo a apongozi, kulima munda wa mbumba ya mkazi. Banja likatha ankanyamula khasu, nkhwangwa ndi zovala, n'kumapita. Mkazi ankatsala ndi nyumba, munda, nkhokwe ndi ana, pakati pa abale ake. Wobwera ankachoka ndi chomwe anabwera nacho, ndipo zimenezi zinkateteza mayi ndi ana. Nyumba inali ya mitengo ndi udzu, mwamuna akafika kwawo ankamanga ina chilimwe chimodzi.

Lero mkazi ndi amene amatengedwa nthawi zambiri, ndipo chuma chinasintha. Injini ya chigayo suipeza chilimwe chimodzi. Njinga yamoto, ng'ombe, puloti ku Ulongue kapena ku Moatize, ndi thukuta la zaka khumi kapena kuposa. Lamulo lakale lija la wobwera tinalisunga, koma tsopano likugwera munthu yemwe linkayenera kumuteteza. Likugweranso amuna. Mkamwini yemwe wamanga nyumba ya malata kwa mkazi n'kuthamangitsidwa ndi chikwama chokha nayenso walandidwa, ndipo lamulo la boma limamuteteza chimodzimodzi.

Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 4, amavomereza kuti m'dziko muno muli njira zosiyanasiyana zoweruzira milandu, kuphatikizapo za makolo athu, bola zisatsutsane ndi mfundo za malamulo aakuluwo. Ndime 36 imati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo. Ndiye boma silinatilande mphasa yathu. Latiuza pomwe mphasayo ikuthera.

## Munda ndi nyumba

Pa za munda, mlongo wanga sanalimbane. Kuno malo ndi a boma, sagulitsidwa. Munthu amakhala ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, womwe timati DUAT, ndipo lamulo la malo la 1997 limauzindikira ngakhale popanda pepala, kaya munthu anapeza malowo mwa mwambo kapena wawagwiritsa ntchito mosabera aliyense kwa zaka zosachepera 10. Limanena poyera kuti ufuluwu ndi wa amuna ndi akazi omwe, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi ndi wovomerezeka. Munda waukulu unali wa makolo a alamu kuyambira kale, ndiye unatsala komweko. Koma nyumba yomangidwa pamalopo ndi chuma, ili ndi mtengo wake. Simungaidule pakati, koma mukhoza kuiwerengera, wotsalamo n'kulipira mnzake.

## Ana ndi a ndani

Apa ndiye pamene mtima wanga uli.

Ine ndine malume. Ana a mlongo wanga ndi mbumba yanga, ndipo ndimawakonda ngati obereka ndekha. Koma ndatopa ndi kumva abambo akunena kuti ana ndi a kuchikazi pa tsiku lokhalo lomwe akufuna kuthawa udindo. Mwana akakhoza mayeso ndi wawo. Mwana wamkazi akamakwatiwa amabwera atavala jekete. Koma ikafika nthawi ya yunifolomu, makope ndi mankhwala a malungo, akuti amalume ake alipo. Mwambo unapatsa malume mawu pa mbumba. Sunauzepo bambo kuti aiwale njira ya komwe kuli ana ake.

Lamulo pa nkhaniyi silizungulira. Kusiyana kwa makolo sikuchotsa udindo wa aliyense wa iwo pa ana. Chithandizo cha mwana, chomwe m'makhoti amati alimentos, si chakudya chokha. Muli zovala, pogona, chipatala ndi sukulu. Chimayezedwa poona zosowa za mwana ndi mapezedwe a wopereka, choncho mlimi sangazembe ponena kuti salandira malipiro a pamwezi pomwe chigayo chikulira tsiku lililonse. Mwana wobadwira m'banja lolembetsa ndi wobadwira kunja ali ndi ufulu wofanana. Makolo akakanika kugwirizana za komwe ana azikhala, khoti limaona chomwe chingakomere mwanayo, osati mtundu wa bambo kapena wa mayi. Ndipo mayi sayenera kukhala ndi loya kuti ayambe, akhoza kukadandaula ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, komwe ali ndi udindo woimira ana.

Funso lachitatu la mayi wa ku IPAJ lija linatipeza pamenepa. Ana atatu anali ndi zikalata zokhala ndi dzina la bambo awo. Wotsiriza analibe, chifukwa anabadwa nyumba itayamba kale kutentha ndipo palibe anapita naye. Kulembetsa mwana m'miyezi yoyambirira atabadwa n'kwaulere, koma ambiri timadikira mpaka sukulu itafunsa. Mwana wopanda chikalata, bambo akati si wanga, mayi amayamba ndi mlandu wotsimikiza bambo asanafike n'komwe pa za chithandizo. Mwamwayi alamu sanakane mwana wawo, ndipo pa chimenechi ndimawalemekeza.

Panali wachibale wina, wa kwathu komwe, yemwe anati mtsikana woyamba, wa zaka 15, tingomupezera banja kuti katundu apepuke. Ndinamuuza kuti asadzabwerezenso. Kuyambira 2019 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa maukwati a ana osafika zaka 18, ndipo chilango chimagwera wokwatirayo, makolo, ngakhale ankhoswe ndi mafumu omwe avomereza. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, mwanayo ndi wanzeru kusukulu. Banja la makolo ake latha, ndiye iyeyo alipire ndi moyo wake?

## Wailesi ya kutsidya

Chinthu china chomwe ndinaona m'miyezi imeneyi n'chakuti anthu a kuno timadziwa malamulo a Malawi kuposa athu. Sizodabwitsa. Dedza ndi Ntcheu ndi pakhomo, misika timagulira limodzi, ndipo wailesi zomwe zimalankhula chinenero chathu tsiku lonse zambiri n'za kumeneko. Mkulu wina anandiuza motsimikiza kuti pamafunika zaka zisanu kuti okhalira limodzi atengedwe ngati banja. Amanena zoona, koma za lamulo la Malawi la 2015. Kuno ndi zitatu. Mayi yemwe wakhala zaka zinayi pabanja akamva za kutsidyazo akhoza kunyamula mapoto n'kumapita, osadziwa kuti dziko lake likumuteteza.

Malamulo athu analembedwa m'Chipwitikizi, ndipo kukhoti chomwe chimalankhulidwa n'chomwecho. Mlongo wanga analekeza sukulu ali wamng'ono. Amawerengera ndalama kuposa ine, koma chikalata cha kukhoti sangachimve. Ndimalakalaka wailesi zathu za m'madera zikanamawerenga ndime zimenezi m'Chichewa mlungu uliwonse, monga zimachitira ndi mitengo ya mbewu ndi mauthenga a maliro.

## Mmene zinathera

Kukhoti la ku boma sitinafike. Tinapita ku tribunal comunitário, bwalo la m'dera lomwe lamulo la 1992 linalipatsa mphamvu yomva nkhani za mabanja omangidwa mwa mwambo. Oweruza ake ndi anthu a m'dera momwemo, ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa, ndipo yemwe sanakhutire ali ndi ufulu wopita kukhoti la ku boma. Alamu ankadziwa kuti khomo limenelo n'lotsegula, ndipo ndikhulupirira kuti n'chimene chinafewetsa nkhani.

Mlembi wa gulu la poupança anabwera kudzachitira umboni. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo yemwe uja, anaimirira n'kuvomera kuti chigayo anagula ali limodzi. Njinga yamoto inagulitsidwa, ndalama anagawana. Ng'ombe zogula limodzi anagawana, za cholowa zinatsala. Nyumba ndi chigayo zinatsala kwa alamu, iwo n'kulonjeza kulipira gawo la mlongo wanga pang'onopang'ono akakolola. Za ana anagwirizana matumba a chimanga pachaka ndi ndalama za sukulu. Tinaumirira kuti zonse zilembedwe, onse asaine, mbali iliyonse itenge pepala lake.

Kodi linali theka lenileni? Ayi. Mtengo womwe anaika pa nyumba unali wotsika, ndipo mlongo wanga anavomera chifukwa anatopa, komanso sanafune kuti ana aone bambo awo akukokedwa m'makhoti. Ndinamuuza maganizo anga, iye anasankha, ndipo ndinalemekeza. Gawo loyamba linabwera pa nthawi yake. Lachiwiri linabwera mochedwa ndiponso loperewera, ndipo ndinachita kukalitsatira. Panopa wamanga kanyumba ka zipinda ziwiri pamalo a mayi athu, akulima soya, ana onse anayi ali pasukulu.

## Mlendo wa mwezi watha

Mwezi watha kunabwera mnyamata wina kunyumba kwanga ku Ulongue. Sindinamuzindikire mpaka atadzifotokoza. Ndi mchimwene wa mkazi watsopano wa alamu, ndipo ndiye nkhoswe yake. Anakhala kansonga ka mpando, akuoneka kuti akuyembekeza kuthamangitsidwa.

"Bambo, pepani kuti ndabwera kwa inu. Ndinamva mmene munayendetsera nkhani ija. Mlongo wanga ali ndi pakati, ndipo akugwira ntchito pachigayo paja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zitati zavuta mawa, iyeyo ali pati?"

Ndinamupatsa madzi, n'kumuuza zomwe ndikudziwa. Lamulo lathu silizindikira mitala, choncho nthawi yomwe mlongo wanga anali akadali pakhomopo asaidalire. Nyumba ndi chigayo anazipeza, si zake, ndipo gawo lina la mtengo wake likadali ngongole kwa ife. Zomwe apeze limodzi kuyambira pano ndi zomwe angadzawerengere. Mwana akabadwa akamulembetse msanga, bambo ake ali pomwepo. Ndipo ngati akufuna kuti mlongo wake asadzadalire pakamwa pa anthu, awatenge onse awiri apite ku Registo Civil.

Anati za ku Registo anazitchula kale, alamu anayankha kuti aganizire kaye. Ndinamuuza kuti akazitchulenso pamaso pa nkhoswe ya kuchimuna, ndipo akafuna ndidzamuperekeza.